Benchi ya alamu anga

Ine kusukulu sindinapondeko, koma pakamwa Mulungu sanandimane. Kwathu kuno ku Mlangeni, tikamasankha mbatatesi pabwalo, azimayi ankalimbirana kukhala pafupi ndi ine, chifukwa pamene pali ine matumba amadzaza anthu osazindikira kuti msana ukuwawa. Ndinkatha kuyenda ngati abusa, kutsokomola ngati malemu amuna anga, kunyengerera ngati kondakitala wa minibasi amene waona mayi wonyamula katundu. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse chimene chinandipweteka chaka chimene anabweretsa benchi.

Nkhaniyi inabwera ndi alangizi a zaumoyo, aja amayeza ana kusikelo. Anati achinyamata akutha ndi maganizo, ena akungomwa, ena akungodzitsekera m'nyumba, ndipo si onse angakwere galimoto kukaonana ndi adokotala ku Boma. Tsono ankafuna amayi achikulire oti awaphunzitse kumvetsera ana otere, aziwalandira pabenchi kuseri kwa sikelo Lachiwiri ndi Lachisanu. Ine ndinatulutsa duku langa lakutchalitchi. Mumtima ndinali nditakhala kale pabenchipo. Nanga ana a m'mudzi muno anakulira pamiyendo ya yani?

Kumaphunziroko tinapita angapo. Tsiku lachiwiri anatiyesa mmodzimmodzi. Mtsikana wotiphunzitsa anakhala pampando kuyerekeza mwana wovutika, n'kundiuza kuti masiku ano tulo sakulipeza. Ine sindinachedwe. Ndinamusimbira za kusagona kwanga chaka cha njala, kenako za msuweni wanga amene anatha asing'anga atatu, chonsecho zinali nsikidzi za m'mphasa. Anthu anaseka mpaka misozi. Wophunzitsayo anaseka nawo, kenako anandifunsa mwaulemu ngati ndadziwa chimene chikumusowetsa tulo mwanayo. Sindinadziwe. Sindinamufunse n'komwe.

Pambuyo panga panabwera alamu anga, mkazi wa malemu achimwene, amene anawatenga chitengwa kuchokera ku Nsipe. Takhala moyandikana zaka zonsezi, nyumba yawo kumtunda, yanga kumunsi, koma mawu amene ndamva kuchokera pakamwa pawo sangadzaze lichero. Anakhala pampando, manja pamaondo, n'kufunsa kuti zayamba liti. Basi. Kenako chete. Wophunzitsayo analankhula yekha, n'kulankhula, mpaka anayamba kupukuta m'maso, ife osadziwa ngati akuyerekezabe.

Anasankha alamuwo. Anawapatsa chitenje cha yunifolomu ndi kachikwama kopachika paphewa. Sabata imeneyo, posankha mbatatesi, ndinauza azimayi kuti boma lataya nthawi, likanangozula chitsa n'kuchiveka chitenje. Ndinawaonetsa mmene alamu amagwedezera mutu. Anaseka kwambiri, ine mtima n'kukhalako pansi pang'ono.

Tsopano ndinene za mdzukulu wanga. Ndi mwana wa mwana wanga wamkazi, ndipo mayi ake atamwalira iye asanayambe sukulu, ndinamulera ndine. Kwathu kuno mdzukulu ndi mnzako. Zimene mtsikana sangauze make amauza agogo ake. Atatha msinkhu anauza ine. Kalata yoyamba ya mnyamata anawerengera ine, tinaseka mpaka nkhuku zinathawa pakhonde. Ndinkamutcha mkazi mnzanga, iye n'kumandiopseza kuti adzandilanda amuna akadzauka kumanda.

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zitatuluka, dzina lake panalibe. Patapita masiku, tikukwezera mbatatesi kudimba, anaika khasu pansi n'kundiuza kuti ali ndi kanthu, koma ndisauze munthu. Anati tsiku la masamu, atangolandira pepala, mtima unayamba kugunda ngati utuluka, manja thukuta lokhalokha, mpweya osakwana. Anapempha kupita kuchimbudzi, ndipo miyendo inakana kubwerera. Anakhala komweko, cholembera kumanja, mpaka belu linalira. Ndinamusisita kumsana, ndinati zimachitika, adzalembanso.

Loweruka lake tinali posankha mbatatesi. Nkhani zinandithera dzuwa lisanafike pamutu, azimayi akuyamba kuyasamula. Ndiye ndinatulutsa iyi. Dzina sindinatchule, ndinangoti mtsikana wina wake. Ndinanjuta pakati pa milu ya mbatatesi, kamtengo kumanja ngati cholembera, n'kumawerengera njerwa za m'chimbudzi kuti masamu ake anali amenewo. Mayi wina anagubuduka ndi kuseka mpaka anakhuthula ndowa. Ndinapita kunyumba ndili wokondwa. M'mutu mwanga ndinali nditabisa.

Sizinachedwe, mwana anasintha. Anasiya kupita kumsewu kumene tinkagulitsa mbatatesi kwa a magalimoto. Anasiya kwaya. Kusamba mpaka ndimukalipire, chakudya kungochigwiragwira. Masana onse ali gone, nkhope kukhoma. Ine mankhwala amene ndimawadziwa ndi amodzi. Ndinkakhala pamphasa yake n'kuyamba nkhani, za abusa, za kondakitala, za nsikidzi zija. Iye ankakokera chitenje kumutu. Ndinati mwina ndi mayeso aja akumuwawabe. Ndinaitana amayi a mpingo, anapemphera, anapita.

Lachiwiri lina anadzuka yekha, kusamba, kupesa, n'kutuluka. Ndinathokoza Mulungu. Koma njira imene anatenga sinali yakumsewu, ndiye ndinamulondola chapatali. Ndinaima kuseri kwa mpanda wa sikelo. Anali pabenchi, pambali pa alamu. Mawu sindinkawamva, koma pakamwa pake ndinkapaona. Pankayenda. Manja ankayenda, mmene ankachitira kale akamandisimbira za kusukulu. Alamu ali phee ndi chitenje chawo chija, kungogwedeza mutu womwewo umene ndinkauseka.

Ndinayenera kukondwa, ndikudziwa. Koma chinandibaya pansi pa nthiti apa, ndipo ndinabwerera kunyumba osaona njira. Mwana amene ndinamutafunira chakudya ine, mwezi wathunthu osandipatsa liwu, lero akukhuthula zonse kwa munthu wobwera.

Zinapitirira choncho, Lachiwiri ndi Lachisanu. Anayamba kudyako. Tsiku lina ndinamumva akuuza mnzake kuti akupita kwa agogo akumtunda. Agogo. Kale ankangoti kwa aja akumtunda. Tsiku linanso anathyola mpiru kudimba langa, wothirira ine, n'kuwapititsira. Ndinawerenga masamba otsala ngati munthu woberedwa.

Ndinaganiza zokawedza. Ndinakwera kumtunda ndi kambale, ndati mchere wandithera. Titapatsana moni ndinayamba kuzungulira, kuti ana a masiku ano ndi ovuta, kuti kaya amanena zotani pabenchi paja. Alamu anandithirira mchere n'kunena kuti zimenezo ndi za mwini wake, akafuna adzandiuza. Ndinawakumbutsa kuti matewera a mwana ameneyu ndinachapa ndine, iwo ali ku Nsipe kokaona abale awo. Anati akudziwa. Ndinati maphunziro a masiku ochepa sasandutsa munthu dokotala. Anati n'zoona. Munthu wovomera chilichonse ungakangane naye bwanji? Ndinatsika ndi mchere umene sindinkaufuna.

Apa ndi pamene ndinachita choipa chachiwiri. Ndinayamba kumupezera ntchito mwanayo masiku a benchi. Lachiwiri ndinati dimba lauma, tikathirire. Lachisanu ndinati tipite kuchigayo, ndipo ndinasankha chigayo chakutali. Tili m'njira ndinamuuza kuti anthu ayamba kunena, akuti okhala pabenchi ija ndi ozungulira mutu, ndipo mwamuna sangafunsire mkazi wotero. Palibe anali atanena zimenezo. Ndinazipanga ine, thumba lili pamutu. Iye anangopitiriza kuyenda. Sabata ziwiri sanapondeko kusikelo, ndipo ine ndinkati ndabweza mwana wanga. Koma nkhope inabwerera kukhoma.

Loweruka m'mawa ndikusesa pabwalo, ndinaona alamu akutsika, mwana ali pambuyo pawo. Sindinadziwe n'komwe kuti anali atatuluka. Alamu sanavale yunifolomu. Anakana mpando, anakhala pansi pakhonde, n'kundipempha kuti ndikhale nawo. Mwana anaima pachitseko.

"Alamu," anatero akumtundawo, "ndabwera kudzatenga botolo la mankhwala opopera mbatatesi lija mumaika pamwamba pa khoma. Ndikasunge kwathu. Mukafuna kupopera muzidzalitenga kwa ine."

Ndinafunsa kuti kuyambira liti akudziwa malo a zinthu m'nyumba mwanga. Anayankha kuti zambiri za mwanayu sangandiuze, koma ichi chokha anamuuza mwini wake kuti sangachisunge okha, ndipo iye wavomera kuti ndimve. Masiku awa wakhala akuliyang'ana botolo lija. Lero walitsitsa, kenako walibwezera, n'kuthamangira kumtunda. Lolemba alangizi amuperekeza ku Boma kukaonana ndi a chipatala odziwa za maganizo, ndipo mpaka tsikulo asamakhale yekha.

Tsache linagwa m'manja. Koma tamverani mmene mtima wa munthu ulili. Mawu oyamba kutuluka pakamwa panga sanali othokoza. Ndinafunsa chifukwa chake anadutsa ine, ndili pabwalo pomwepa, n'kukauza akumtunda.

 Anayankha ndi mwana, ali pachitseko pomwepo, mawu ake otsika.

"Chifukwa mukanakazisewera posankha mbatatesi, agogo."

Ndinati dzina sindinatchule.

"Olemba mayeso m'mudzi muno tinalipo atatu. Awiriwo ndi anyamata."

Ndiye anandiuza zonse. Kuti Lolemba lotsatira Loweruka la sewero langa lija, atafika kumsewu ndi ndowa yake, anyamata a kabaza anamufunsa ngati njerwa zija anamaliza kuwerenga. Kuti mayi wogulitsa pambali pake ananjuta ndi kamtengo kumanja, ndendende mmene ndinachitira ine. Kuti kukwaya atsikana ankatsokomola iye akapempha kutuluka. Anati kulephera mayeso akanapirira, ambiri amalephera. Chimene chinamugonetsa ndi choti munthu mmodzi yekha amene anamuuza ndi amene anakamuvula pagulu.

Pakamwa panga panali patakonzeka kale. Ndinali ndi nkhani ya manyazi anga, ya tsiku limene ndinagwa pamaso pa apongozi ndili mtsikana, nkhani yabwino yoti amve kuti tonse timasekedwa. Nditangokoka mpweya, dzanja la alamu linafika pabondo langa. Sanafinye, anangoliika. Ndinameza. Tinakhala chete atatu, nkhuku zikutola pamene ndinasesa. Chete ameneyo anandiwawa kuposa kubereka. Ali mkati mwake, mwana anachoka pachitseko, n'kudzakhala pansi, osati pafupi ndi ine kwenikweni, koma anakhala. Anapitiriza kulankhula. Ine ndinangoti pepa, kamodzi, ndipo ndinamuuzanso kuti za ozungulira mutu zija ndinapeka ndine. Anati ankadziwa.

Botolo ndinakwera pampando n'kulitsitsa ndekha. Alamu analikulunga m'chitenje n'kupita nalo.

Lolemba ndinapita nawo ku Boma. Mwana analowa ndi alangizi, ine ndinatsala panja pa khonde la chipatala ndi alamu. Maola onsewo anandiuza mawu awiri okha, kuti nthochi nayi. Kuyambira sabata imeneyo, Lachiwiri ndi Lachisanu madzi osamba ndinkamutenthetsera ndine, ndipo kudimba ndinkapita ndekha.

Musaganize kuti nsanje inatha. Mpaka lero ndikaona chitenje cha yunifolomu chija chili pachingwe kumtunda, ndimayang'ana kumbali. Mwana anabwerera kumsewu, analembetsanso mayeso, masiku ena amadzuka bwino, ena ayi, ndipo akadzuka moipa amakwerabe kumtunda. Ine ndimamuyang'ana kumsana mpaka akalowe. Posankha mbatatesi azimayi amadandaula kuti nkhani zanga zakalamba, abusa omwewo, kondakitala yemweyo. Ndimawauza kuti akatopa akamvere wailesi.

Amene akundilembera izi ndi mwini wakeyo, mdzukulu wanga. Za chimbudzi wati zilembedwe, poti ndinazimwaza kale ndipo akufuna zimveke mmene zinalili, osati mmene ndinazisewerera. Zina wakana, ndipo akakana amangoika cholembera pansi mpaka ndisinthe njira.

Chaka chatha, tikukumba mbatatesi, anaikanso khasu pansi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu woyesa mlatho ndi phazi limodzi, kenako anandiuza kanthu. Ndinamufunsa kuti zayamba liti, n'kutseka pakamwa. Kanthu kameneko kali m'mimba mwanga mpaka lero. Ndi nkhani yabwino zedi, yoti azimayi angakhuthule ndowa zonse, ndipo Loweruka lililonse imandiyabwa pakhosi. Sinatuluke, ndipo pano situluka.

Alamu sakuidziwa. Ndinamufunsa mwanayo kawiri kuti nditsimikize.