Choimbira Chosakhudza cha pa Mitundu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cholongolola. Ndinapita kukakonzetsa wayilesi ya bambo anga kwa a Kamwendo, okonza mawayilesi pa Mitundu, ndipo ndinayamba kuwafotokozera zimene ndinawerenga za magetsi. Iwo anangondipatsira chitsulo chowotcherera mtovu. "Gwirani ichi, pakamwa papumeko."

Kuseri kwa shopu kunali mulu wa mawayilesi akale a mavavu, timababu tagalasi tija timatentha ngati mbatata yootcha. Pa foni ndinawerenga za theremini, choimbira chimene suchikhudza: ukayandikitsa dzanja ku ndodo yachitsulo mawu amakwera, ukalibweza amatsika. Ndinazula mavavu ndi thiransifoma m'wayilesi yakufa, ndinakulunga waya wa kopa pa paipi ya pulasitiki, eriyo ya galimoto n'kukhala ndodo ija. Miyezi inatha zala zikupsa.

Chinalira ndithu, koma m'manja mwanga chinkamveka ngati udzudzu m'khutu. Ndiye kunabwera Chisomo, mlongo wawo wa a Kamwendo, amene ankatchaja mafoni pakhonde komanso kuimba kwaya. Anangoimika dzanja m'mwamba, kuligwedeza pang'ono, nyimbo ya kutchalitchi n'kutuluka yonse. Ndinamwetulira, koma mumtima munali moto.

Aphunzitsi ena a sayansi a ku Nathenje anatiitana kuti tikachionetse kusukulu kwawo. Ndinasita malaya mpaka kolala, pofuna kuti anthu adziwe kuti wapanga ndine. Chisomo atayamba, ana anakuwa, "Achemwaliwa ngamatsenga!" Za ine panalibe wofunsa. Ndinasendera pafupi ngati ndikuyang'ana waya, chonsecho ndikufuna kuoneka. Nyimbo inakhota. Ndinasenderanso, ndipo inalira ngati mbuzi yomangidwa panjinga. Ana anayamba kuseka.

A Kamwendo anandikoka malaya. "Achimwene, chinthuchi chimamva thupi la aliyense. Mimba yanuyo ikuimba nawo. Tabwererani."

Zimenezo ndinkazidziwa bwino, ndinali nditaziwerenga ndekha n'kuwalongosolera iwo omwewo. Ndinabwerera mpaka kukhoma, n'kuyamba kuletsa ana amene ankafuna kuyandikira. Nyimbo inawongoka, ndipo ana anamuombera m'manja Chisomo mpaka aphunzitsi anachita kuwakhazika pansi.

Pano ndili ndi benchi yangayanga yokonzerapo mawayilesi. Zimene ndimakonza zimakalira bwino m'manja mwa eni ake, ndipo nsanje imabwerabe, sindingakunamizeni. Ndimangoiuza kuti tiye, tikaime kukhoma tonse awiri.