Nkhwani wa adadi wathera mu gozleme

Moni nonse.

Lero amami amapanga gozleme, chapati cha ku Turkey chopinda, choika sipinachi ndi tchizi mkati. Anandituma kushopu kukagula sipinachi, koma mvula ya ku Leicester mukuidziwa. Ndinangozembera kuseri kwa nyumba n'kuthyola nkhwani wa adadi, uja akhala akuulera ngati khanda kuyambira Epulo. Ndinawasiyira masamba awiri, a ulemu.

Amami anangondiyang'ana, n'kuyamba kuwaza.

Adadi adya zinayi. Akunyambita zala akuti, "Koma anthu a ku Turkey amadziwa ndiwo! Ngati kwathu ku Dedza!"

Panopa akufunafuna ambulera kuti akazonde nkhwani wawo.

Anti Grace, achimwene anuwa mumawadziwa ndinu. Ndiulule, kapena tinamizire nkhono? Yankhani msanga, ambulera ija aipeza.