Amayi anatuluka, ine n'kutsala

Ndikukumbukira chaka chimene ndinabatizidwa, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Tinkakhala ku Kanakantapa, ndipo tchalitchi chathu cha Baptist chinali cha njerwa zosawotcha ndi malata akale. Atate anali dikoni. Amayi ankasesa m'tchalitchimo, ankatsuka timakapu ta Mgonero, ankaphikira alendo, koma sanali membala.

Chifukwa chake aliyense ankachidziwa. Amayi anabadwira kufupi ndi Kasisi, ndipo anabatizidwa kumishoni ya Akatolika ali khanda, powathira madzi pamutu. Kutchalitchi kwathu tinkaphunzira kuti pangano latsopano munthu salilowa chifukwa cha makolo ake. Amalowa ndi wokhulupirira yekha, wovomereza ndi pakamwa pake, ndipo ndi iyeyo woyenera kumizidwa m'madzi n'kukhala membala. Abusa athu, bambo ofatsa, ankabwera kunyumba kudzachonderera amayi kuti abatizidwenso. Amayi ankawapatsa mpando ndi chakumwa cha munkoyo, n'kukana mwaulemu.

Ine ndinamizidwa m'damu mwezi wa Juni, madzi akuzizira mpaka mano kuguguda, ndipo ndinavuuka ndikudzimva wamkulu. Lamlungu lotsatira, mapemphero atatha, mlembi wa mpingo analengeza kuti kuli msonkhano wa mamembala, amene si mamembala atuluke. Mawu amenewa ndinali nditawamva kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ndinkatuluka limodzi ndi amayi. Tsikulo anaimirira okha. Anandicheukira pang'ono, mwina mwachizolowezi chabe, ine n'kuyang'ana kutsogolo ngati sindikuwadziwa.

Msonkhanowo sunali wa nkhani yaikulu, tinkangokambirana zokumba chimbudzi china. Pawindo ndinkawaona amayi atakhala pachitsa, padzuwa, pakati pa tiana tosewera m'fumbi. Ndivomereze, ndinanyada.

Pobwerera kunyumba tinali awiri, ndipo pakamwa panandiyabwa.

"Amai, n'chifukwa chani simufuna kubatizika? Mutichititsa nsoni, ine na atate."

Anaima pakati pa msewu, n'kutula dengu la timakapu pansi.

"Amai anga ananipapa kumbuyo, kuyenda pansi mpaka kumishoni, akudwala. Patapita miyezi iwiri anafa. Nkhope yao siniiziwa. Chimene niziwa kuti ananichitira ni chamene icho chabe. Ufuna niimirire pamaso pa anthu nikambe kuti sichinali kanthu?"

Mwana wanzeru akanakhala chete. Ine ndinali nditangotuluka m'kalasi ya ubatizo, mavesi ali phaa m'mutu. Ndinawayankha kuti Mulungu alibe zidzukulu, monga mmene abusa ankanenera. Amayi anasenza dengu lawo n'kuyamba kuyenda. Sanandikalipire, sanauze atate, ndipo nkhaniyi sanaitchulenso kwa ine.

Lero ndine mayi wa ana anayi, ndipo palibe amene anabatizidwa ali khanda. Chiphunzitso chija ndimachikhulupirirabe, ndipo ndimachiphunzitsa kwa atsikana a mumpingo mwathu. Chimene ndinamvetsa mochedwa n'chakuti tsiku lija sindinkateteza Mulungu, ndinkangofuna kuti amayi aone kuti ndawapitirira. Iwo anandionetsa bala lawo, ine n'kupondapo.

Anakhala ndi moyo zaka zina makumi awiri ndi zisanu, akutulukabe panja pa msonkhano uliwonse. Zaka zonsezo ndinkafuna kuwapepesa, koma ndinkaopa kuti ndikati pepani adzayesa kuti ndagonja pa nkhani ya ubatizo. Tinawaika m'manda ndisananene mawuwo.