Dalaivala Amene Ankalankhula Yekha pa Njinga

Inu amene mukuti zanu zada, tamvani za bambo a mapasa.

Bambowa anali dalaivala wa basi, ndipo mimba yawo inkafika pachiwongolero eni ake asanakhale pansi. Tsiku lina kampani inatumiza madalaivala onse kukayezetsa kuchipatala. Dokotala atawayeza bambowa kuthamanga kwa magazi, anagogoda makinawo poganiza kuti afa, n'kuyezanso. Kenako anawauza kuti sangawalole kunyamula anthu mpaka thupi litatsika. Kampani inawapatsa miyezi ingapo. Akalephera, ntchito yathera pompo.

Masiku oyamba ankangokhala pakhonde, manja ali m'masaya. Basi yawo ikamadutsa pamsewu ndi dalaivala wina, ankalowa m'nyumba kuti asaione.

Dokotala uja anali atatchula za kupalasa njinga. Njinga inalipo kuseri kwa nyumba, akazi awo ankayanikapo zokolopera. Anaipopa, n'kufufuza pa intaneti ndondomeko zophunzitsira opalasa njinga. Zinatuluka zosawerengeka. Iwo anasankha ya akatswiri a mipikisano, chifukwa mnyamata wa pachithunzi chake anali wowonda ngati sipoko ya njinga, ndipo ankafuna kufanana naye mwezi usanathe.

Ndondomekoyo inati akwere chitunda mobwerezabwereza. Anafika pakati kamodzi kokha. Pobwerera anachita kunyamulidwa ndi galimoto yotenga zinyalala, iwo ndi njinga yomwe. Sabata yonse, pofuna kukhala pampando ankaitana mapasa kuti awagwire uku ndi uku.

Atachira anabwera ndi nzeru zina. Anaona kuti ndondomeko iliyonse ili ndi masiku opuma. Anasankha zingapo, n'kuphatikiza masiku opumawo mpaka sabata inadzaza. Akazi awo akafunsa, ankayankha atagona kuti akutsatira malangizo a akatswiri.

Mayi a mapasa anatopa nazo. Analanda foni, n'kufufuta zonsezo. Anapeza ndondomeko ina imene inkayamba ndi mafunso: zaka za munthu, kulemera kwake, ndiponso kuti anapalasa liti njinga komaliza. Amuna awo ankanong'oneza mayankho okometsera, koma mayiwo ankalemba zoona zokhazokha. Inatuluka ndondomeko ya ongoyamba kumene.

"Iyi ndi ya ana," anatero bambowo.

"Ana ndi amene akuyembekeza kuti mubwerere kuntchito," anayankha mayiwo.

Lamulo lalikulu la ndondomekoyo linali lakuti munthu azipalasa pang'onopang'ono, moti n'kumatha kulankhula osapuma wefuwefu. Bambo a mapasa analibe wolankhula naye, choncho ankalankhula okha. Ankaitana okwera, kutchula masiteji, kukalipira munthu wosaoneka kuti asunthire kumbuyo. Anthu apamsewu anayamba kunong'onezana kuti kutha kwa ntchito kwawazunguza mutu.

Mbiriyo inafika kwa mlamu wawo wometa tsitsi, mchimwene wa mayi a mapasa. Mlamuyu ndi bambo a mapasa sankamwerana madzi. Wina akati kukutentha, mnzake ankavala juzi. Komabe wometayo anadera nkhawa mlongo wake, ndipo m'mawa wina anawatsatira panjinga yake mpaka anawapeza akukangana ndi mphepo.

"Alamu, mukulankhula ndi ndani?"

"Ndikuyeza mapapo. Zalembedwa pa intaneti."

Wometayo anati pa intaneti pamalembedwa bodza lokhalokha. Mkangano unabuka. Unachoka pa intaneti, unapita ku mpira, unakafika pa nkhani yoti kaya nsomba zimagona. Pozindikira anali atadutsa mlatho umene bambo a mapasa anali asanaufikepo panjinga.

M'mawa mwake wometayo anabweranso, ati anali ndi mfundo imene anaiwala. Zinakhala choncho tsiku lililonse. Mawu a dalaivala akayamba kuduka, mlamu ankafunsa ngati agonja, ndipo onse ankachepetsa liwiro kuti mkangano upitirire. Masiku opuma ankapumadi, koma okhawo a m'ndondomeko imodzi.

Sizinayende ngati madzi. Kunabwera mvula, matako anapweteka, ndipo atapita kukayezetsanso dokotala anapukusa mutu, nati kwatsalabe. Bambowo anafuna kubwezera njinga kuseri kwa nyumba. M'mawa mwake mlamu anaima pageti n'kukuwa kuti iye ankadziwa kale kuti dalaivala sangapirire. Kuti avomereze kuti mlamu wanena zoona, bambo a mapasa sakanatha. Anatuluka atavala nsapato imodzi, inayo ili m'manja.

Nthawi imene kampani inawapatsa itatsala pang'ono kutha, dokotala anawayeza, n'kusaina kalata yowalola kugwira ntchito. Lolemba lotsatira bambowo analiza hutala ya basi pageti pawo mpaka mapasa anatuluka akuvina.

Inunso musathamangire ndondomeko ya munthu wa pachithunzi. Sankhani yolingana ndi miyendo yanu, yankhani mafunso ake moona, ndipo pezani mnzanu woyenda naye, ngakhale akhale wokutsutsani. Mukagwa lero, mawa popaninso matayala. Mtima wokhawo musautaye.