Shuga Wogona ndi Sopo

Boma litanditumiza kukaphunzitsa ku Makanjira, mayi anandilongezera m'bokosi lachitsulo mapaketi atatu a shuga ndi sopo wosambira wonunkhira maluwa, chilichonse m'pepala lake. Bokosilo linayenda tsiku lonse padzuwa pamwamba pa lole, kenako linakhala kunsi kwa bedi milungu itatu chifukwa ndinkaumira.

Ndinalitsekula tsiku limene atcheyamani a chipani m'dera lathu anabwera kudzandilonjera, limodzi ndi ahedi ndi mphunzitsi wa sayansi. Ndinawaphikira tiyi. Nditangolawa ndinadziwa kuti zavuta: m'kamwa munali ngati ndatafuna kansalu kosambira. Ahedi anayang'ana kudenga. Atcheyamani anamwa pang'onopang'ono, atatsinzina.

"Uyu ndi tiyi wa ku Zanzibar," anatero. "Malemu bambo anga ankamusimba."

Masiku amenewo, chimene atcheyamani ayamikira sunkachitsutsa. Ahedi anapempha kapu yachiwiri misozi ili m'maso.

Alendo atapita, wasayansi uja anabwerera, ndipo ataona bokosi anaseka mpaka kukhala pansi. Ndinamuonetsa kuti mapepala sanang'ambike, sopo sanakhudzane ndi shuga.

"Sizilira kukhudzana, achemwali," anatero. "Fungo limachoka m'sopo n'kulowa mumpweya wa m'bokosi. Likadzaza mumpweyamo limalowa m'shuga, chifukwa limathamangira komwe kulibe. Pepala lili ndi timabowo tosaoneka, ndipo kutentha kwa kuno kumalifulumizitsa."

Anandiuza kuti ndikayanika shugayo pamphepo, fungo litulukanso. Linachepadi, koma nyerere zinatuta wambiri.

Atcheyamani anayamba kubwera Lachisanu lililonse pochokera kumzikiti, ndi anzawo. Shuga wa mayi atatha, ndinawapatsa tiyi wabwinobwino. Anaika kapu pansi n'kundifunsa ngati andilakwira. Ndiye ndinayamba kugoneka dala shuga pambali pa sopo masiku anayi. M'nyengo yozizira wasayansi ankati ndiwonjezere awiri.

Tsiku lina akazi a atcheyamani anabwera kudzafunsa chinsinsi cha tiyiyo. Ndinangoti "sopo," ndipo iwo anathokoza n'kunyamuka ndisanafotokoze zotsala. M'mawa mwake anapalira theka la sopo wochapira m'ketulo. Anansi awo ankasimba kuti thovu linatulukira kumlomo wa ketulo mpaka kuzimitsa moto, koma atcheyamani anamwabe, poti anali ataitana alendo.

Masiku awiri atcheyamani anangoyenda kanjira ka kuchimbudzi, kuseri kwa nyumba. Atachira ananditumizira uthenga waulemu woti adokotala awaletsa tiyi, tsopano akumwa thobwa.