Malamba a mano pa kapinga wa eni

Ndisanabwere ku Dubai ndinali venda wa nsapato za kaunjika ku Limbe, ndipo ngati pali chimene ndinkachidziwa kuposa pemphero la Atate Wathu, ndi kunenerera. Ndinkatsitsa mtengo wa belo mpaka mwini wake kuyamba kundipepesa. Nzeru zake si zambiri. Chinthu ukachikonda, uchinyoze. Usafunse funso, chifukwa wofunsa waulula kale kuti sadziwa, ndipo wosadziwa amalipira kawiri. Nsapato uitembenuze, uone kunsi: ngati mano a soli akadalipo, ndi nsapato, ngati kwasalala, ndi maliro. Ndipo usachoke pamalo wopanda banyira.

Nzeru zimenezi zinandidyetsa zaka zambiri kwathu. Kuno ndi zomwe zandichotsa ntchito.

Ndinkagwira pa kakampani kodzala kapinga ndi maluwa m'nyumba za anthu ochita bwino ku Al Furjan. Ntchito yanga inali wilibala. Mchenga, manyowa, dothi, ndi kapinga amene kuno amabwera pa lole atakulungidwa ngati mphasa, iwe n'kumangoyala. Visa yanga inatsala ndi miyezi iwiri kuti ithe, ndipo bwana, Mwarabu wa mawu ochepa, sankaitchula n'komwe. Anzathu awiri anali atawakweza kale ndege. Kumudzi ndinasiya mkazi, ana awiri a sukulu, ndi nyumba ku Machinjiri imene inaima pa lintala ikudikira malata. Visa ikanatha, zonsezo zikanaima pomwe zinali.

Tsiku lina bwana anandiona ndikulimbana ndi wogulitsa mapaipi mpaka munthu uja anatiwonjezera mipopi iwiri yaulere kuti ndingomuchoka. Anandiitana.

"Habibi, mnzanga, iwe pakamwa pako mpakuthwa. Ndikufuna kaloda ka malamba, kogwirako kale ntchito, koti tizigwiritsa pa kapinga. Ine ndikupita kwathu sabata ziwiri. Upite ku Ras Al Khor ukasankhe. Ukasankha bwino, woyendetsa ukhala iweyo, ndipo visa ndisayina."

"Inshallah, bwana?" ndinatero, poti inshallah wa kuno nthawi zina amatanthauza kuti iwalako.

"Ndati ndisayina."

Kaloda ndi kamakina kokhala ndi chidebe chachitsulo kutsogolo, konyamulira dothi, koyenda pa malamba a labala m'malo mwa matayala, ngati kasinja wa nkhondo. Ntchito imene ife tinkafa nayo tsiku lonse ndi mawilibala, iko kamaimaliza tiyi asanazizire. Ndinadziona ndili m'kati mwake, ndi magalasi akuda. Ndinaimbira mkazi wanga kuti akafunse mtengo wa malata.

Ku Ras Al Khor ndinapita ndi dalaivala wa pikapu yathu, mdala wa ku Chipata amene anakhalitsa ku Lusaka. Tinalowa mu yadi ina kuseri kwa magalaji, fumbi ndi fungo la oyilo. Mwini wake anali Mpakistani wa ndevu zofiira, munthu waulemu. Anatipatsa tiyi wa mkaka m'tizikapu ta pepala, n'kutionetsa makina awiri.

Oyamba anali oyera bwino, a malamba otambalala koma osalala, timizere take tosaoneka n'komwe. Achiwiri anali ndi dzimbiri kunsi, koma malamba ake, abale inu! Mano akuya oti chala changa chinalowa mpaka pa mfundo yachiwiri.

"Ngati ndi za kapinga, bhai, tenga awa," anatero mwini yadi, akusisita oyamba aja.

Ndinaseka mumtima. Ku Limbe nsapato imene venda wayamba kukuonetsa ndi imene yamukanika kugulitsa. Ndinapititsa dzanja pa lamba wosalala uja.

"Awa ndi malamba kapena ndi dazi la amalume anga? Mukufuna ndikagwe nawo m'dzenje?"

Mdala wa ku Chipata anandikokera pambali.

"Mwana, funsako chabe. Manje ngati ni mwamene anawapangila?"

"Amdala, inu mumadziwa chiwongolero, ine ndimadziwa msika. Tayala lopanda mano munayamba mwagulapo?"

"Ine nakamba chabe. Safunsa anadya phula."

"Wofunsa anagula phulalo pa mtengo wa uchi."

Anaseka, n'kukakhala m'pikapu momwe munali mphepo yozizira. Ine ndinatsala ndi makina a mano aja, mtima ukugunda chifukwa chowakonda, pakamwa ndikuwatukwana. Ndinanena za dzimbiri, za utsi, za mpando wong'ambika. Ndinanyamuka kawiri ngati ndikupita, ndipo kawiri konse mwini yadi anandiitana ndisanafike pa geti. Anandiuza kuti makinawo anachokera ku dziko lozizira kwambiri, ndiponso kuti m'kati mulibe choziziritsira. Ndinamva, koma ndinatenga mawuwo ngati chibonga china chomumenyera pa mtengo. Mtengo unagwa mofulumira, ngati mango akupsa. Ndikanayenera kuchita mantha pomwepo.

Titagwirana chanza, ndinayang'ana uku ndi uku kufuna banyira. Pakona panali chitsulo chachikulu chachikasu, chopindika ngati theka la mgolo, chotalika kuposa ine nditagona. Chinkaoneka chatsopano. Ntchito yake sindinaidziwe, ndipo sindikanafunsa.

"Ichonso muike. Apo ayi, bwezani dzanja langa."

Munthu uja anandiyang'ana, anayang'ana chitsulo chija, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Tenga, bhai, tenga! Zinabwerera limodzi. Khalas, zatha basi, nchako."

Anathandiza yekha kukweza. Ine amene ndinagulitsa nsapato zaka zonse zija ndikudziwa kuti banyira woperekedwa ndi chimwemwe chotere amakhala zinyalala. Ndinkadziwa. Koma pobwerera ndinkaimba nyimbo m'pikapu.

Ndinaphunzira kuyendetsa pa mchenga kuseri kwa kampu imene tinkagonako, ndipo pa mchenga makinawo ankayenda ngati mkango. Vuto linali m'kati. Kachipinda kake nka magalasi okhaokha, ndipo batani lililonse limene ndinkadina linkatulutsa moto. Ngakhale mpando unkatentha wokha kumatako. Umu munali mu Juni. Ndinangomasula chitseko n'kuchiika pambali, ndikudziuza kuti mphepo yaulere ilipo.

Bwana atatsala tsiku limodzi kuti abwere, ndinafuna kuti adzapeze ntchito yatha. Pa nyumba ina tinali titayala kapinga sabata zitatu zapitazo, atagwira bwino, wobiriwira ngati wopaka penti. Mayi mwini nyumba ankamuyendera opanda nsapato m'mawa uliwonse. Kunatsala kupititsa mulu wa dothi kuseri, ndipo njira inali yodutsa pa kapingayo. Anzanga anatenga mawilibala ndi matabwa oyala pansi. Ndinawauza kuti apumule, nthawi ya ukapolo yatha.

Popita molunjika sindinaone kanthu, chidebe chinali chodzaza kutsogolo ndipo thukuta linkalowa m'maso. Kenako ndinafika pokhota. Kaloda sikakhota ngati galimoto, kamazungulira pamalo pomwepo, lamba wina kutsogolo, wina kumbuyo. Ndinamva pansi kulira ngati chinsalu chikung'ambika. Ndinaganiza kuti ndi mphamvu za injini. Ndinapita, ndinabwera, ndinapitanso.

"Imilila! Imilila iwe, wapha munda!"

Anali mdala wa ku Chipata, akuthamanga manja ali m'mutu. Nditatsika ndinaona. Mano aja anali atalima kapinga ngati khasu la ng'ombe, mizere iwiri kupita, mizere iwiri kubwera, ndipo pomwe ndinkakhota panali maenje ozungulira ngati pamene pagona nkhumba. Timapaipi tothirira tomwe tinakwirira pansi tinali titaduka, madzi akuthovoka paliponse. Pakhonde la m'mwamba panali mayi aja, foni ili m'manja, akujambula. Bola akanatukwana.

Bwananso sanakalipe. Anabwera molunjika kuchokera ku bwalo la ndege, anagwada, analowetsa chala m'mano a lamba monga ndinachitira ine.

"Kunalibe a malamba osalala?"

"Analipo, bwana, koma anali otha."

"Sanali otha. Amawapanga choncho kuti asang'ambe kapinga. Awa ndi a m'matope ndi m'sinowo ya kumaiko ozizira."

Titafika ku kampu anaona chitsulo chachikasu chija. Anatulutsa foni n'kundionetsa kanema: mzungu atavala chijasi, ali m'makina onga athuwa, akukankha sinowo pamsewu ndi chitsulo chonga changa.

"Zaka makumi awiri ndili ku Dubai," anatero. "Ndiwe munthu woyamba kundigulira chokankhira sinowo."

"Chinali chaulere, bwana."

Mpaka lero sindidziwa chimene ndinayankhira choncho.

Anandituma kuti ndikabweze. Makina a malamba osalala aja anali atagulidwa kale. Mwini yadi anandipatsanso tiyi, n'kuzungulira makina anga akugwedeza mutu. Anandionetsa dzimbiri. Anandionetsa mpando wong'ambika. Ananena za utsi.

"Iwe wekha unanena, bhai. Ine ndinaphunzira kwa iwe. Ndipo chitseko chili kuti?"

Mtengo umene anatchula sindinayerekeze n'komwe kukauza bwana pamaso, ndinangolemba pa foni. Za chitsulo chija mwini yadi anati mphatso sabweza.

Sabata yotsatira bwana anandiitana ku ofesi, m'nsanja ina ku Jumeirah Lake Towers, m'mwamba moti magalimoto pansi amaoneka ngati nyerere. Pa tebulo panali pepala lothetsa visa. Ndinachita chimene ndimadziwa. Ndinanenerera. Ndinati anditsitse malipiro, ndibwerere ku wilibala, ndikonze kapinga uja ndi manja anga Lachisanu lililonse, tsiku langa lopuma. Kwa nthawi yoyamba ndinali ine katundu, ndine venda, ndinenso wotsitsa mtengo, koma wogula sankatembenuza n'komwe nsapato kuti aone kunsi.

"Mayi aja atisiya, ndipo auza anzawo a mumsewu wonse," anatero. "Khalas, habibi. Sayina."

Ndinasayina. Chitsulo chachikasu chija chikadali kuseri kwa kampu, anyamata amayanikapo zovala, akuti zimauma msanga. Mkazi wanga watumiza mtengo wa malata kawiri, ndipo sindinamuyankhe. Tikiti yobwerera kumudzi ndi ya Lachiwiri.

Koma tsiku lija mu ofesi ndinali ndi nzeru imodzi yotsala, imene sinandikhumudwitsepo ku Limbe kapena ku Ras Al Khor. Ukanyamuka n'kumapita pang'onopang'ono, osatembenuka, mnzako amakuitana usanafike patali. Ndinaimirira, ndinathokoza kuti shukran, ndinatsegula chitseko mosafulumira. Ndinayenda m'kholido ngati ndapweteka mwendo. Pa lifiti ndinawerama n'kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Lifiti inabwera, inatseguka, inatsekeka, inapita. Ndinadikira yachiwiri, makutu ali kumbuyo.

Ndinakwera yachitatu.