Mtedza Wonyowa wa Akulu Anga

Ndili ndi shedi ya mtedza kuseri kwa msika wa pa boma ku Lundazi. Timagula woswa kale kwa alimi, kuusankha, wina n'kugaya chiponde, wina n'kutumiza ku Chipata. Antchito onse amanditchula kuti bwana, ngakhale amene ndinkasewera nawo masanje. Kutchalitchi ndine wapampando wa amayi. Koma kwathu ku Magodi ndine chitsiriza, ndipo amayi atamwalira anandilera ndi akulu anga, kundisambitsa, kundimeta, ngakhale kundikwapula kumene.

Chaka china katundu wathu anabwezedwa ku Chipata chifukwa cha chuku. Alimi ena amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe, zala zisapweteke pouswa. Ukauthira m'thumba usanaume, umachita chuku n'kuwononga ndi wabwino womwe. Ndinapsa mtima koopsa. Ndinasonkhanitsa antchito n'kulamula kuti thumba lonyowa lizibwerera ndi mwini wake, kaya ndi m'busa, kaya ndi ndani.

Sipanathe mwezi, akulu anga anatsika minibasi ndi matumba atatu. Ndinapisa dzanja m'thumba loyamba, n'kuluma njere imodzi. Sinalire. Inangonyenyeka m'kamwa ngati mbatata. Amayi osankha mtedza anasiya malichero, wapasikelo naye anaima chilili. Onse ankafuna aone ngati lamulo lija lili ndi mano.

"Asisi, nshawa izi munathila manzi," ndinatero.

"Pang'ono chabe, iwe. Ona zala zanga mmene zatupila," anayankha akumwetulira, atatambasula manja.

Kuseri kwa shedi kunali tenti yoyanikira, ndipo dzuwa linali phwee. Ndikanatha kuwatengera kumeneko, tiuyanike masiku awiri, iwo agone kwanga, lamulo osaphwanyika. Zimenezi ndinaziganiza nthawi yomweyo, sindinganame. Koma ndinaona maso a antchito, ndipo ndinakweza mawu kuti ndi a pamsewu omwe amve.

"Pano si pa munzi. Nyamulani matumba yanu."

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mawuwo anandikomera potuluka. Ndinadzimva kuti ndine mtsogoleri wosakondera. Akulu anga anamanga okha matumbawo, anakana kuti wina awathandize, n'kumawakoka limodzi limodzi mpaka pa siteji. Kuyambira tsiku limenelo antchito ankandiopa kwambiri, ndipo ndikalowa m'shedi nkhani zinkatha.

Ndinapirira masabata atatu. Kenako ndinagula shuga ndi chitenje, Loweruka m'mawa n'kupita ku Magodi. M'njira monse ndinkakonza zoti ndikanene, ndipo ndinali wokonzeka kukalipiridwa. Ndinkafunadi kuti andikalipire, anditukwane ngati kale, nkhani ithe.

Ndinawapeza akupeta chimanga pakhomo. Atandiona anaimirira, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono.

"Monile. Mwayenda uli?"

Anakabwereka mpando wabwino kwa aphunzitsi oyandikana nawo, n'kuuika m'nyumba. Shuga ndi chitenje anazilandira ndi manja awiri, atagwada. Nditayamba zopepesa zija anandidula mwaulemu, nati palibe mlandu, ntchito ndi ntchito. Kenako ndinamva nkhuku ikulira kuseri. Ndinadziwa kuti andisandutsa mlendo, chifukwa pakhomo paja nkhuku saphera mwana wa m'nyumba.

Chakudya chinabwera m'mbale zovundikira, ndi madzi osamba m'manja m'jagi. Anaziika patebulo, n'kutuluka, n'kubweza chitseko. Ndinatsala ndekha ndi nkhuku yathunthu, nthutumba ndi zonse. Kukhitchini kunkamveka kuseka kwa akulu anga, apongozi awo ndi amayi ena awiri, akulimbirana ndiwo za nkhwani m'mbale imodzi. Moyo wanga wonse sindinasungulumwepo chotero.

Ndinanyamula mbale yanga, ndinavula nsapato pakhomo pa khitchini, n'kuwerama kuti ndilowe. Kuseka kunatha. Amayi aja anayamba kukonza zitenje zawo, wina n'kusuntha kufuna kundipatsa kampando. Ine ndinkangoyang'ana pamphasa, pambali pa akulu anga, pomwe panali malo okwanira munthu mmodzi.

Iwo anandiyang'ana mwachifundo ndithu, opanda mkwiyo uliwonse.

"Bwelelani mukati," anatero. "Kuno kuli utsi, zovala zanu zinganunkhe."

Ndinabwerera, n'kukadya ndekha.